Pa Super Bowl ya 2025 alamu anga anabetchera dzina la Mahomes

A Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiikepo mkangano umene ine ndi alamu anga tinauyamba patelefoni kutatsala masiku atatu kuti masewera a Super Bowl, otsiriza olimbirana chikho cha mpira wa ku America, achitike. Mpaka lero sitinamvanebe, ngakhale kuti mpirawo unatha pa 9 Febuluwale 2025 mumzinda wa New Orleans, pamene Philadelphia Eagles inagonjetsa Kansas City Chiefs ndi mapointi 40 kwa 22. Ine ndimakhala kuno ku Indiana, kumene mpira wa ku America umenewu anthu amautsatira ngati mwambo wa tchalitchi. Alamu anga ali ku Lilongwe, ndipo atazolowera kubetcha pa ligi ya ku England, mu 2024 anayamba kuyesa mwayi pa NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, moti anadzuka 1:30 usiku kuti aonere masewera otsirizawo. Iwo anaika ndalama pa Chiefs ndipo anadyedwa, pamene ine ndinaika kangachepe pa Eagles. Kuseka mlamu ndinamaliza kale patelefoni, monga mwa chilamu. Chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti iwo akuumirira kuti Chiefs inangodzuka ndi tsiku loipa, ndipo kuti matimu awiriwa atakumananso mawa angabetche chimodzimodzi. Ine ndikuti zimene zinachitika m'bwalomo zinkaoneka kale m'masewera a chaka chonse, koma dzina la Patrick Mahomes, katswiri woponya mpira wa Chiefs, linaphimba anthu ambiri m'maso.

Kwa owerenga amene mpirawu sanauzolowere, ndifotokoze zochepa zofunika pa nkhaniyi. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi yoti ipite patsogolo mayadi 10, ndipo ikakwanitsa imapatsidwa mipata ina inayi. Ikaufikitsa kumapeto kwa bwalo, chimene amachitcha touchdown, imapeza mapointi 6 ndi mwayi woonjezerapo pointi imodzi kapena awiri, pamene kumenya mpira ndi phazi n'kudutsitsa pakati pa mitengo ya golo, field goal, kumapereka mapointi 3. Wosewera amene amaponya mpira ndi kutsogolera anzake onse, quarterback, amadalira zimphona zisanu zoima patsogolo pake kuti zimutchingire kwa masekondi awiri kapena atatu asanaponye. Zimphona zimenezi zikalephera, luso lake lonse limakhala lopanda pogwira.

Makampani obetchetsa anaika Chiefs patsogolo ndi mapointi 1.5, zimene abale obetcha pa mpira wamiyendo amazidziwa ndi dzina lakuti handicap. Tanthauzo lake linali lakuti wobetchera Chiefs ankafunika kuti timuyo ipambane ndi mapointi awiri kapena kuposerapo, pamene wobetchera Eagles akanadya ngakhale timu yake ikanagonja ndi pointi imodzi. Chifukwa cha mmene mapointi amapezekera mumpira umenewu, masewera ambiri amatha matimu atasiyana ndi mapointi 3 kapena 7, ndipo kusiyana ndi pointi imodzi sikuchitika kawirikawiri. Choncho nambala ya 1.5 inali kungonena kuti matimuwa ndi ofanana mphamvu, kungoti Chiefs yapendekera patsogolo pang'ono kwambiri. Alamu anga anaiwerenga ngati ulosi, n'kumandiuza kuti ngakhale akatswiri a ku Las Vegas akuti Chiefs ipambana. Nambala imeneyi ndi mtengo wa pamsika, ndipo monga mtengo wa thumba la chimanga, imayenda ndi zimene ogula ali okonzeka kulipira. Timu imene ili ndi Mahomes, imene anthu aiona ikunyamula chikho zaka ziwiri zotsatizana, simagulidwa motchipa.

Kuti ndisawalakwire alamu, mfundo zawo ndizifotokoze monga anandiuzira, chifukwa sizinali zachibwana. Mu Febuluwale 2023 mumzinda wa Glendale, Chiefs inagonjetsa Eagles yomweyi ndi mapointi 38 kwa 35. Mu Febuluwale 2024 ku Las Vegas inagonjetsa San Francisco 49ers 25 kwa 22 m'nthawi yoonjezera. Ulendo wonse uwiri makampani anali ataika Chiefs kumbuyo, ndipo amene anabetcha motsutsana ndi Mahomes analira. M'chaka cha 2024 timuyi inapambana masewera 15 n'kugonja awiri okha, ndipo kugonja kumodzi kunabwera tsiku lotsiriza la ligi pamene osewera odalirika anapumitsidwa. Mphunzitsi wawo, Andy Reid, amadziwika kuti akapatsidwa masabata awiri okonzekera savuta kupeza pofooka pa mdani, komanso Philadelphia amaidziwa bwino poti anaiphunzitsa kuyambira 1999 mpaka 2012. Mfundo imene alamu ankaikonda koposa inali yakuti Mahomes anali atakumana kasanu ndi katatu ndi matimu amene mbali yawo yotchinga inkatsogoleredwa ndi Vic Fangio, mkulu wa otchinga a Eagles, ndipo anapambana ulendo wonse. Anaonjezeranso kuti palibe timu inapambanapo Super Bowl katatu motsatizana, ndiye njala yolemba mbiri ikanawakankha anyamatawo. Mfundo ya njalayi ndinaikana nthawi yomweyo, popeza timu imene inagonja ndi mapointi atatu zaka ziwiri zapitazo nayonso inali ndi njala yake, ndipo palibe sikelo yoyezera njala.

Pamene tinasiyana kwenikweni ndi pa masewera 15 amene Chiefs inapambana aja. Mwa iwo, 11 anatha timuyi ili patsogolo ndi mapointi 8 kapena kucheperapo, kutanthauza kuti touchdown imodzi ya mdani ikanatha kusintha zonse. Alamu amati umenewo ndiwo mtima wa akatswiri, kudziwa kupambana pamene zinthu zathina. Ine ndinawapempha kuti tione masewerawo amodzi amodzi. Pa masewera otsegulira ligi, Baltimore Ravens inali kumbuyo 27 kwa 20, ndipo pa mpata wotsiriza Isaiah Likely wa Ravens anagwira mpira kumapeto kwa bwalo, koma makina ojambula anaonetsa kuti nsonga ya nsapato yake inaponda mzere, ndiye touchdown inakanidwa. Denver Broncos inali kumbuyo 16 kwa 14 ikukonzeka kumenya field goal yapafupi yopambanira pa sekondi yotsiriza, ndipo Leo Chenal wa Chiefs anatchinga mpirawo ndi dzanja. Las Vegas Raiders inali kumbuyo 19 kwa 17, itafika kale pamalo oti ingamenye field goal, koma mpira unaperekedwa kwa quarterback wawo Aidan O'Connell iye asanakonzeke, n'kugwa pansi, Chiefs n'kuutola. Patangopita masiku asanu ndi anayi, pokumana ndi Los Angeles Chargers, mpira umene Matthew Wright wa Chiefs anamenya pomaliza unagunda mtengo wa golo n'kugwera mkati, masewera n'kuthanso 19 kwa 17.

Ndikuvomereza kuti si zonse zinali mwayi. Kutchinga kwa Chenal ndi ntchito imene timu imaphunzira, ndipo Mahomes ndi Reid amadziwa kusunga nthawi kuti mpira wotsiriza ukhale m'manja mwawo. Koma nsonga ya nsapato ya Likely sinaphunzitsidwe ndi Andy Reid, ndipo mtengo wa golo umene unabwezera mpira mkati ukanatha kuubwezera kunja. Munthu amene akuika ndalama ayenera kulekanitsa zimene timu ingathe kubwereza mawa ndi zimene zinangoigwera. Kuwerenga mapointi onse a chaka kumathandiza pa ntchito imeneyi. Chiefs inapeza mapointi 385 n'kulola 326, kusiyana kwa mapointi 59, pamene Eagles, imene inapambana masewera 14 n'kugonja atatu, inapeza 463 n'kulola 303, kusiyana kwa mapointi 160. Alamu anandikumbutsa, ndipo ananena zoona, kuti m'chiwerengero cha Chiefs muli kugonja 38 kwa 0 ku Denver pa tsiku limene akuluakulu anapuma. Tikachotsa masewera amenewo kusiyana kumafika pa 97, kumene kuli kutalibe ndi 160. M'ligi yonse Chiefs sinapitirireko mapointi 30 m'masewera amodzi, mpaka pamene inagonjetsa Buffalo Bills 32 kwa 29 pa ndime yopitira ku Super Bowl. Tsiku lomwelo Eagles inathira Washington Commanders mapointi 55 kwa 23.

Komabe chimene chinandichititsa kutulutsa ndalama m'thumba sichinali chiwerengero chimenechi, chifukwa makampani nawonso amachidziwa ndipo anali atachiwerengera kale mumtengo wawo. Chinali nkhani ya zimphona zisanu zija. Chaka chonse Chiefs inavutika kupeza munthu woima kumapeto a kumanzere kwa mzere wotchingira Mahomes, malo ovuta kwambiri poti quarterback woponya ndi dzanja lamanja amafulatira mbali imeneyo ndipo saona amene akumubwerera. Anayesa Kingsley Suamataia, anayesa Wanya Morris, anabweretsa D.J. Humphries amene anavulala posakhalitsa, ndipo potsiriza anasuntha Joe Thuney kuchoka pamalo ake a mkati kumuika kumapetoko. Thuney ndi katswiri weniweni pamalo ake, koma kumusuntha kunali ngati kudula chigamba pamsana wa malaya kuti utsekere pachifuwa, chifukwa malo amene anasiya anafunikanso kupatsidwa munthu wosazolowera, Mike Caliendo. Mbali inayo kunali otchinga a Eagles amene analola mayadi ochepa kuposa timu ina iliyonse m'ligi, otsogoleredwa kutsogolo ndi anyamata ngati Jalen Carter, Josh Sweat, Milton Williams ndi Nolan Smith.

Ndinawakumbutsa alamu za Super Bowl ya mu Febuluwale 2021 ku Tampa, imene iwo sanaonere poti nthawi imeneyo mpirawu unalibe nawo ntchito. Chiefs inapita kumeneko ili patsogolo pa mitengo ya makampani ndi mapointi atatu, koma ilibe otchingira ake awiri a m'mapeto, Eric Fisher ndi Mitchell Schwartz, amene anali ovulala. Mahomes anatha usiku wonse akuthawa, timu yake sinapeze touchdown ngakhale imodzi, ndipo Tampa Bay Buccaneers inapambana 31 kwa 9. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo pa masewera amenewo tinaona kuti mawuwa amagwiranso ntchito ngakhale mutuwo utakhala wa Mahomes. Alamu anayankha kuti zimenezo zinali zaka zinayi zapitazo ndipo mnyamatayo anakhwima.

Zimene zinachitika ku New Orleans zinaposa ngakhale zimene ine ndinkaganiza. Nthawi zambiri timu ikafuna kufinya quarterback imatumiza anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo potero imasiya mipata kumbuyo imene Mahomes amaiona msanga kuposa wina aliyense. Fangio sanatumize oonjezera. Anayi a kutsogolo okha ndiwo ankathyola mzere wa Chiefs, ndipo asanu ndi awiri otsalawo ankatseka njira zonse zoponyera. Mahomes anagwetsedwa ali ndi mpira m'manja kasanu ndi kamodzi, ndipo mipira yake iwiri inagwidwa ndi adani m'chigawo choyamba. Woyamba anaugwira Cooper DeJean, mnyamata wa chaka chake choyamba m'ligi amene tsikulo ankakwanitsa zaka 22, n'kuthamanga nawo mayadi 38 mpaka touchdown. Wachiwiri anaugwira Zack Baun pafupi ndi golo la Chiefs, Thuney atakankhidwira pa Mahomes nthawi yoponya, ndipo posakhalitsa Jalen Hurts, quarterback wa Eagles, anaponyera A.J. Brown touchdown ina. Popita kopuma zinali 24 kwa 0, Chiefs itangoyenda mayadi 23 m'chigawo chonsecho. Hurts ataponyera DeVonta Smith mpira wa mayadi 46 zinafika pa 34 kwa 0, ndipo alamu anandilembera uthenga kuti akukagona. Tsiku loipa limene iwo akunena limakhala la mipira yothawa m'manja ndi zigamulo zokayikitsa za oyimbira. Apa tinaona anthu anayi akugonjetsa asanu mobwerezabwereza pamalo omwewo amene anali ofooka chaka chonse.

Tsopano ndinene pamene ine ndinalakwitsa, chifukwa ndikabisa ndikhala ngati olosera amene amangokumbukira maulosi okwaniritsidwa. Ndinkakhulupirira kuti Eagles ipambana kudzera mwa Saquon Barkley, amene anathamanga ndi mpira mayadi 2,005 m'ligi, ndipo ndinaika ndalama ina pa betchi yakuti iye apitirira mayadi amene makampani anamuikira, omwe anali oposa 100. Steve Spagnuolo, mkulu wa otchinga a Chiefs, anakonzekera bwino lomwe kumutsekera njira, moti Barkley anathamanga ndi mpira maulendo 25 n'kungopeza mayadi 57. Ndalama imeneyo inapita. Amene ananyamula timu anali Hurts, munthu amene ine ndinkamukayikira, ndipo anaponya mayadi 221, anathamanga yekha mayadi 72, n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse tsikulo. Choncho ndinalondola timu koma theka la chifukwa changa linali lolakwika, ndipo nditaphatikiza zimene ndinadya pa Eagles ndi zimene ndinadyedwa pa Barkley, zotsala sizikanagula ngakhale chakudya chamasana. Ndiyeneranso kuvomereza kuti ndinkayembekezera masewera othina otha ndi mapointi atatu kapena anayi. Aliyense amene lero akuti ankadziwa kuti zifika pa 34 kwa 0 afunsidwe kuti aonetse tikiti yake.

Pali betchi ina imene ikusonyeza bwino mmene ndalama imayendera mosagwirizana ndi mpira umene maso aona. Makampani anaika mapointi onse a matimu awiri pa 48.5, kuti anthu asankhe ngati apitirira kapena achepera. Kutatsala mphindi zochepa kuti masewera athe zinali 40 kwa 6, kuphatikiza 46, ndipo amene anabetchera kuchepera anali ataona zonse zimene ankayembekezera, ndiko kuti otchinga a Eagles atsekereza Mahomes. Masewera atatha kale m'maso mwa aliyense, osewera a Eagles akuyamba kukumbatirana m'mbali mwa bwalo, Mahomes anaponyera DeAndre Hopkins touchdown kutatsala mphindi zosakwana zitatu, kenako Xavier Worthy ina ya mayadi 50, ndipo mapointi onse anafika pa 62. Touchdown ziwirizi sizinasinthe mwini chikho, koma zinasamutsa ndalama zochuluka kuchoka kwa anthu amene anawerenga bwino masewera kupita kwa amene anawerenga molakwika. Zinakongoletsanso zotsatira, moti munthu woona 40 kwa 22 m'nyuzipepala angaganize kuti panali mpikisano.

Ndithere pa mbali imene alamu safuna kuimva, ya gawo la kampani. Pa betchi ya handicap mumpira umenewu, mtengo wozolowereka ndi woti munthu aike 110 kuti apindule 100, zimene pa mawerengedwe ozolowereka kwathu ndi 1.91. Tiyerekeze kuti ine ndi alamu tinapita ku kampani imodzi, iwo n'kuika K11,000 pa Chiefs, ine K11,000 pa Eagles. Kampani yalandira K22,000, ndipo wopambana imubwezera K21,000. K1,000 yotsalayo ndi ya kampani, kaya wapambana Mahomes kapena Hurts. Pa mtengo umenewu munthu ayenera kulondola maulendo oposa 52 pa 100 aliwonse kuti angobweza ndalama zake, ndipo amene amalondola theka la mabetchi ake amatha pang'onopang'ono ngati sopo wa m'bafa. Kuno ku America malondawa anakula mofulumira kuchokera mu Meyi 2018, pamene khoti lalikulu la dzikoli linathetsa lamulo limene linkaletsa zigawo zambiri kuloleza kubetcha pa masewera, ndipo lero n'kovuta kuonera mpira pakanema osauzidwa mitengo ya mabetchi. Bwalo lenilenilo limene masewerawa anachitikira limatchedwa Caesars Superdome, dzina la kampani ya juga. Makampani amene ali ndi ndalama zogulira dzina la bwalo lotere amalembanso anthu odziwa masamu amene amaona zonse zimene ine ndinaona zokhudza Thuney ndi masewera 11 aja, ndipo ataziona anaikabe 1.5. Nchifukwa chake sindinganene kuti ndinawaposa nzeru. Ndinganene chabe kuti pa masewera amene iwo ankawaona ofanana, mbali ya Eagles inali ndi zifukwa zogwirika m'bwalo, pamene mbali ya Chiefs inkadalira kwambiri zimene Mahomes anachita zaka zam'mbuyo ali ndi omutchingira ena.

Alamu akuti mawu amenewa ndi a munthu amene wadya kamodzi n'kuyamba kudziona ngati mphunzitsi, ndipo akundikumbutsa kuti amene anaganiza ngati ine mu 2023 ndi mu 2024 anadyedwa kawiri konse. Pamenepo sindingawatsutse, kupatula kunena kuti mu 2023 Eagles inali ndi otchinga amene anagwetsa ma quarterback kuposa timu ina iliyonse m'ligi, koma sanamugwetse Mahomes ngakhale kamodzi pa Super Bowl imeneyo, chifukwa zimphona zake zisanu zinali zathunthu, aliyense ataima pamalo ake. Ndawauza kuti tidzakambirananso mu Sepitembala ligi ikamayamba, tikadzaona munthu amene Chiefs yamuika kumapeto a kumanzere kwa mzere wawo. Iwo ayankha kuti dzina la munthu ameneyo safuna n'kulidziwa komwe, malinga ngati woponya mpira akadali wovala nambala 15.

Ine wowerenga wanu,
South Bend, Indiana